Graphics card yoziziritsidwa ndi madzi ikayamba kutentha, kulira kapena kudontha kuno ku Tete

Chaka chilichonse ikangofika Okutobala, anthu amayamba kundibweretsera makompyuta a matenda amodzimodzi. Ambiri ndi anyamata ojambula makwaya ndi oimba, ena ndi okonza mavidiyo a maukwati, ndipo onse anagula graphics card, khadi ya mu kompyuta yopanga zithunzi za pa sikirini, yoziziritsidwa ndi madzi pa chifukwa chimodzi: kuti maikolofoni isamatole phokoso la mafani. Dandaulo lake limakhala lomwelo. "Achimwene, inali chete, pano ikulira ngati chigayo." Wina amati, "Ikumangozima ntchito ili pakati." Ndayankha zimenezi kambirimbiri, kwa a mumzinda wa Tete, a ku Moatize ngakhalenso ochokera ku Ulongwe, ndiye ndati ndilembe kamodzi.

Mfundo imodzi muigwiritsitse musanamasule chilichonse. Madzi sapanga kuzizira. Ntchito yawo ndi kusenza kutentha kuchoka pa chip ya khadi kukakutula ku rediyeta, komwe mafani amakuuluzira mu mpweya wa m'chipinda. Madziwo sangazizire kuposa mpweya umenewo. Khadi ikakhala pa ntchito yolemera, madzi amakwera ndi madigiri 10 mpaka 15 pamwamba pa kutentha kwa chipinda, ndipo chip imaposanso madziwo ndi madigiri ena 10 mpaka 20. Ndiye mumzinda wa Tete, komwe masana a Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, chip yofika 65 kapena 70 sikuti yadwala. Khadi yomweyo mukaipititsa ku mapiri a Angónia mu Juni muiona ili pa 45, mafani ali duu. Manambala amene mumaona kwa azungu pa YouTube amayezedwa m'zipinda za madigiri pafupifupi 22, musadziyerekeze nawo.

Makhadi amenewa alipo a mitundu iwiri. Wina ndi AIO, wobwera utatsekedweratu ku fakitale, pampu ndi rediyeta zili zolumikiza kale, monga MSI Suprim Liquid kapena Gigabyte Aorus Waterforce. Winawo ndi custom loop, womanga wekha: buloko ya pa khadi (chitsulo chokhala pa chip, chodutsamo madzi), pampu, thanki, mapaipi ndi rediyeta, chilichonse chogula pachokha. Pomwe kakonzedwe kakusiyana ndinena.

## Musanagwire screwdriver

Ikani pulogalamu yoonetsa kutentha kwa zida, HWiNFO64 kapena GPU-Z, onse ndi aulere. Yatsani ntchito yolemera, kaya gemu kaya kutulutsa vidiyo, ndipo mulembe papepala:

- kutentha kwa m'chipinda
- GPU temperature (kutentha kwa chip) ndi hot spot (malo otentha kwambiri pa chip)
- memory junction (kutentha kwa memory ya khadi), ngati khadi yanu imaonetsa
- liwiro la pampu ndi la mafani, ngati likuoneka

Muonenso momwe nambala ikukwerera, chifukwa pamenepa ndiye pali yankho lalikulu. Kukwera pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30 kumaloza ku rediyeta ndi mpweya. Kulumpha kufika 90 m'mphindi imodzi kapena ziwiri kumaloza ku pampu, kapena buloko yosakhala bwino pa chip.

## Khadi ikutentha, mafani akuthamanga ngati akufuna kuuluka

Ili ndiye dandaulo lochuluka kuposa onse. Zoyambitsa ndazindandalika kuyambira chofala kwambiri.

1. Fumbi pa rediyeta. Amene amakhala ku Moatize kapena m'mbali mwa msewu wopita ku Zóbuè, momwe mathiraki amadutsa usana ndi usiku, safunika kuuzidwa za fumbi. Limalowa pakati pa fani ndi rediyeta n'kuumbana ngati bulangete, ndipo mukayang'ana kunja simuliona. Unikani tochi mbali imodzi ya rediyeta. Kuwala kukapanda kutulukira mbali inayo, matenda ndi amenewo.

- Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe.
- Masulani mafani pa rediyeta. Kupemerera mafani ali pomwepo kumangokankhira fumbi mkati.
- Chotsani ndi bulashi yofewa, kenako pemererani panja pa nyumba, mpweya uzilowera mbali imene umatulukira nthawi zonse.
- Popemerera fani, igwireni ndi chala isazungulire.

Tizitsulo ta rediyeta n'topyapyala, sitichedwa kupindika, choncho kompuresa ya kokonzera matayala isayandikire. Imakhalanso ndi chinyezi ndi mafuta mkati. M'chilimwe ine ndimati muziyeretsa mwezi uliwonse, ndipo kompyuta ichoke pansi ikhale pa tebulo.

2. Rediyeta ikupuma mpweya wotentha. Ambiri pofuna bata amatsekera kompyuta m'kabati, kapena amatseka mawindo onse pojambula mawu. Khadi ya mawatsi 300 ili ngati kambaula m'chipinda, ndipo kutentha konseko kumatsalira momwemo. Tsegulani mbali ya kesi ndi chitseko cha chipinda, muyezenso. Nambala ikatsika kwambiri, khadi ilibe mlandu. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kumene mpweya ukutulukira, ndipo onetsetsani kuti mafani onse a pa rediyeta akuuzira mbali imodzi. Ndapezapo kangapo fani imodzi itamangidwa chogadama, ikulimbana ndi inzake.

3. Pampu yaima kapena yafooka. Gwirani mapaipi awiri ochokera pa khadi pamene ikugwira ntchito. Madzi akamayenda bwino, onse awiri amakhala ofunda pafupifupi mofanana. Lina likakhala lotentha kwambiri, linzake lozizira, rediyeta nayo yozizira, madzi aima. Zimitsani pomwepo.

- Onani chingwe cha pampu ngati chakhala bwino. Pa custom loop pampu zambiri za D5 ndi DDC zimatenga magetsi pa SATA kapena Molex, ndipo kachingwe kopita pa motherboard n'kongowerengera kapena kulamulira liwiro.
- Mu BIOS, tsamba la makonzedwe lotsegulidwa Windows isanadzuke, doko la pampu lisaikidwe pa dongosolo loima kompyuta ikazizira. Liikeni pa liwiro lokhazikika.
- Ikani chala pa pampu. Yamoyo imanjenjemera pang'ono.

Pampu ya AIO ikafa, zokonzera kunyumba palibe. Musaitsegule ngati waranti ikadalipo.

4. Mpweya walowa m'njira ya madzi. Zizindikiro zake zimabwera limodzi ndi phokoso, ndiye ndazifotokoza m'chigawo chotsatirachi.

5. Thermal paste, phala lopakidwa pakati pa chip ndi buloko, yauma kapena yathawira m'mbali. Apa yang'anani kusiyana kwa GPU temperature ndi hot spot. Madigiri 10 mpaka 15 si nkhani. Kukapitirira 25, ndiye kuti mbali ina ya chip sikukhudzana bwino ndi buloko. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumafinyira paste kunja pang'onopang'ono. Makhadi a AMD amalola hot spot kufika 110 asanadzichepetse liwiro, koma khadi ya madzi siyenera kuyandikira pamenepo.

Kusintha paste kumafuna kumasula buloko, ndipo pamenepa ambiri amaonongera pa ma thermal pad, timapepala tofewa tokhala pakati pa memory ndi buloko. Amakhala okhuthala mosiyana, 0.5 mm, 1 mm, 1.5 mm, malinga ndi buloko yake. Mukaika lokhuthala kuposa muyezo, buloko imatukuka osakhudza chip. Mukaika lopyapyala, memory imapsa mwakachetechete: memory ya GDDR6X imayamba kudzichepetsa liwiro cha pa 110. Ngati mulibe pepala la miyezo la buloko yanu, ntchitoyi isiyireni wodziwa. Ngati muli nalo, mangani ma screw modumphitsa, uyu kenako wa kutsidya kwake, pang'onopang'ono.

6. Buloko yatsekeka mkati. Tinjira ta madzi ta mu buloko n'tating'ono kwambiri, zinyalala zochepa zimakwanira kutitseka. Zimachitika kwambiri kwa amene anathira madzi okhala ndi utoto wokhuthala, kapena osasintha madzi kwa zaka. Onani chigawo cha mtundu wa madzi.

7. Rediyeta yachepa ndi nyengo yathu. Zonse zikakhala bwino koma phokoso likupitirira, vomerezani kuti rediyeta ya 240 mm singataye mawatsi 400 mwakachetechete m'chipinda cha madigiri 38. Pali njira yosalira ndalama imene ine ndimaikonda kwambiri: mu pulogalamu ya MSI Afterburner tsitsani power limit, malire a magetsi amene khadi imadya, kufika 75 kapena 80 peresenti. Liwiro limatsika pang'ono, koma kutentha ndi phokoso zimatsika kwambiri. Mvula ikagwa kunja kukazizira mudzakwezanso. Ntchito zolemera monga kutulutsa vidiyo yaitali muzizisiyira usiku kapena m'bandakucha.

## Phokoso lachilendo

Mvetserani bwino mtundu wa phokosolo, chifukwa lililonse lili ndi gwero lake.

Ngati madzi akutsanulidwa m'botolo. Ndi mpweya. Mpweya umakwera kukakhala pamalo okwera kwambiri, ndiye pampu isakhale malo amenewo. Pa AIO pampu kawirikawiri imakhala pa khadi, choncho rediyeta ikhale pamwamba pa kesi, kapena kutsogolo koma nsonga yake itapitirira khadi. Ikakhala pansi pa kesi, mpweya wonse umasonkhana mu pampu n'kuipha isanakwane nthawi yake. Rediyeta ikaimikidwa kutsogolo, mapaipi atulukire kumunsi ngati kutalika kwake kukulola.

Pa custom loop yendetsani pampu pa liwiro lonse, pendeketsani kesi uku ndi uku mofatsa, muzimitse ndi kuyatsa kangapo. Timathovu timapita mu thanki, ndipo tina timatenga tsiku kapena masiku awiri. Muziwonjezera madzi thanki ikamatsika. Pampu isazungulire yopanda madzi ngakhale kwa kanthawi kochepa, madziwo ndi amene amaifewetsa mkati.

AIO yazaka zinayi kapena zisanu ikayamba kulira chonchi pomwe kale inali chete, madzi achepa. Amauluka pang'onopang'ono kudzera m'khungu la mapaipi ngakhale palibe pobowoka, ndipo kotentha ngati kuno amauluka msanga. Ina ili ndi kachitseko kowonjezera madzi, yambiri ilibe.

Kukukuta kapena kugogoda. Yambani ndi mafani, chifukwa ndi amene amalakwa kawirikawiri. Imitsani imodzi imodzi pogwira pakati pake kwa sekondi imodzi. Phokoso likatha, mwaipeza. Mwina ndi chingwe chokhudza mapiko, mwina bearing yadya fumbi. Mafani onse akaima koma kukukuta kukupitirira, ndi pampu, ndipo ili pafupi kufa.

Kulira kwa tswii, kosintha ndi zimene zili pa sikirini. Ameneyu ndi coil whine, kunjenjemera kwa tizigawo ta magetsi pa khadi. Sikuonongeka ayi. Phokosoli limakhalapo pa makhadi ambiri, koma pa khadi ya madzi limamveka kwambiri chifukwa mafani olibisa palibe. Kwa ojambula mawu n'losautsa ndithu. Chepetsani mafelemu kufika 60 kapena pa mlingo wa sikirini yanu, tsitsani power limit, ndipo maikolofoni italikire kesi.

Kesi yonse ikung'ung'uza. Pampu yamangidwa pachitsulo popanda mphira. Ikani timphira pansi pake ndipo tsitsani liwiro. Pampu ya D5 imafika pafupifupi 4,800 rpm, koma loop yaing'ono sifuna liwiro lonselo.

## Madzi akudontha

Apa palibe kuyesa kapena kudikira kuti vidiyo ithe. Zulani pulagi kukhoma nthawi yomweyo. Makhadi ambiri amene ndaona atafa sanaphedwe ndi dontho loyamba, anaphedwa ndi kuyatsanso kwa mwini wake pofuna kuona ngati ikugwirabe.

Komwe amadonthera, kuyambira kofala:

1. Cholumikizira paipi chamasuka, makamaka kompyuta ikakhala kuti yangoyenda ulendo.
2. Kamphira kozungulira, O-ring, kaphwanyika kapena kauma.
3. Paipi yolimba ya PETG yafewa ndi kutentha n'kusolomoka. Kwa amene akumanga loop mumzinda wa Tete, ine ndimalangiza mapaipi ofewa a mphira wakuda wa EPDM. Saoneka bwino ngati oonekera mkati aja, koma amapirira.
4. Chivindikiro cha akiriliki pa buloko chang'ambika chifukwa chomanga mopitiriza. Zolumikizira za G1/4 zimamangidwa ndi dzanja, sipanala isakhudze.
5. Rediyeta yabooledwa ndi screw yaitali ya fani.

Zochita mukazimitsa:

- Pukutani ndi pepala lofewa, mutsatire chinyezi kukwera mpaka pomwe chikuyambira.
- Chotsani khadi, tsukani ponyowa ndi isopropyl alcohol ya 99 peresenti. Akiriliki isakhudzidwe ndi alcohol, imang'ambika.
- Siyani ziume pamthunzi popita mphepo kwa masiku awiri osachepera. Padzuwa la kuno ayi.
- Mukakonza podontha, yesani loop pampu yokha ili pa magetsi, motherboard ndi khadi zitazulidwa, mapepala ali pansi pa cholumikizira chilichonse, kwa maola 12 mpaka 24.

Madzi akalowa mu power supply, imeneyo musaiyatsenso ndipo musaitsegule. Mkati mwake mumatsala magetsi otha kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa. AIO yodontha sitimata ndi guluu kapena tepi. Jambulani zithunzi, pitani nayo komwe munagula.

## Madzi asintha mtundu kapena akuchepa mu thanki

Izi ndi za custom loop.

- Obiriwira, oterera: ndere. Zimamera madzi akakhala opanda mankhwala, ofunda, ndipo kesi ili poomba dzuwa.
- Oyera ngati mkaka, mapaipi achita chifunga: mankhwala ofewetsera pulasitiki akusungunuka kuchoka m'mapaipi otchipa. Sinthani mapaipi.
- Zotuwa ngati phulusa, kapena zitsulo zikudyeka: mwasakaniza aluminiyamu ndi kopa m'njira imodzi ya madzi. Zitsulo ziwirizi zikakumana m'madzi, aluminiyamu imadyeka. Mankhwala amangochedwetsa, kuchiza kwake ndi kuchotsa chimodzi.
- Zoyera zouma ngati za m'ketulo: munathira madzi a pampopi kapena a pamjigo.

Pa nkhani ya madzi ndikupemphani ndithu, abale. Madzi akumwa a m'botolo, a pachitsime, a mu Zambezi ngakhale mutawasefa ndi kuwiritsa, onsewa ali ndi mchere umene umatsalira mu buloko. Ofunika ndi madzi otchezedwa, amene m'masitolo amalembedwa água destilada, kuphatikiza mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri, kapena coolant yopangidwira makompyuta. Mukagula kogulitsa zida za galimoto werengani botolo bwinobwino, chifukwa pashelefu yomweyo pamakhalanso asidi wa batire, ndipo maonekedwe ake ndi amodzi. Madzi muzisintha kamodzi pachaka. Ine ndimati Ogasiti kapena Seputembala, kutentha kusanafike.

Thanki kutsika pang'ono pa miyezi ingapo si vuto. Ikatsika mooneka pa sabata imodzi, pali podontha pamene simunapaone.

## Sikirini ikuda, kompyuta ikuzima, kapena pakubwera timadontho ta mitundu

1. Kutentha. Bwererani ku chigawo cha khadi yotentha chija. Yang'anani kwambiri memory junction, chifukwa pa khadi ya madzi chip imatha kukhala yozizira memory ikupsa.
2. Chingwe cha magetsi cha khadi. Zimitsani, chizuleni, chiyang'aneni, chilowetseninso mpaka chilire kuti tcha. Makhadi a NVIDIA monga RTX 4090 ya 2022 ali ndi pulagi ya mapini 16 yonyamula mpaka mawatsi 600, ndipo ikapanda kulowa mpaka kumapeto imatha kusungunuka. Musachipinde pafupi ndi pulagi. Mukaona kuda kapena kumva fungo la pulasitiki wopsa, musayatsenso.
3. Magetsi a m'nyumba. Ngati kuzimako kukuchitika madzulo, kapena firiji ikangodzuka, kapena mababu akuphethira, ndi magetsi akutsika. Ikani UPS, bokosi la batire losunga magetsi, yokwanira mawatsi a kompyuta yonse. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi ndi chingwe cha intaneti.
4. Khadi yawerama. Buloko ya kopa ndi yolemera, imakokera khadi pansi. Ichotseni, ibwezereni bwino, muike chochirikiza kumapeto kwake.
5. Driver (pulogalamu yoyendetsa khadi) kapena overclock (kukweza liwiro la khadi kuposa la ku fakitale). Bwezerani zonse pa muyezo wa ku fakitale, chotsani driver ndi pulogalamu ya DDU, ikani yatsopano.

Timadontho kapena mizere ikamaoneka ngakhale mu BIOS, Windows isanadzuke, vuto lili pa khadi penipeni, kawirikawiri pa memory. Zimenezo ndi za katswiri wa zida zowotcherera ma chip.

## Nthawi yosiya ndi kuitana katswiri

- Madzi agwera pa khadi, motherboard kapena power supply kompyuta ili yoyaka.
- Mwamva fungo lopsa, mwaona utsi kapena pulagi yosungunuka.
- Pampu ya AIO yafa, kapena AIO ikudontha.
- Kesi ikukugwirani magetsi mukaikhudza. Apa wofunika ndi wa magetsi a m'nyumba, adzaone waya wa earth.
- Waranti ikadalipo ndipo kukonzako kukufuna kumasula khadi.
- Simunamasulepo buloko chiyambire, ndipo khadiyi ndi imene ikukudyetsani.

Kumbukiraninso kuti zida za makhadi amenewa sizipezeka wamba kuno. Zambiri zimaitanitsidwa ku Maputo kapena ku Johannesburg, ndipo zimatenga masabata. Amene ntchito yawo singaime asunge ma O-ring angapo, paste, botolo la coolant ndi kakhadi kena kotchipa ka mafani, kapena akhale ndi purosesa yotha kutulutsa chithunzi payokha.

Potumiza kompyuta kwa katswiri, kaya kuchokera ku Ulongwe kudzera pa Mussacama kaya kungowoloka mlatho wa Samora Machel, khadi isayende ili m'doko lake. Mabampu amathyola doko la PCIe ndi kumasula zolumikizira. Ya AIO ichotseni pamodzi ndi rediyeta yake, muikulunge payokha osapinda mapaipi. Ya custom loop khuthulani madzi kaye. Ikwere nanu mkati mwa chapa (minibasi), osati padenga padzuwa, ndipo pepala lija la manambala mulitenge, mumupatse wokonzayo pamodzi ndi tsiku limene madzi anasinthidwa komaliza.